Mafunso a Owerenga: Kugula, Kukonza ndi Kusintha Gitala ya Besi

Makalata a mwezi uno achuluka a oyimba besi, makamaka a m'makwaya ndi m'mabandi a kutchalitchi. Tawapereka kwa amisiri okonza zoyimbira, ndipo nawa mayankho awo. Miyeso yambiri ili m'mamilimita, koma pomwe opanga amatchula mainchesi tawatchulanso.

FUNSO: Akonzi, munthu wina wabwera ndi besi kuchokera ku Johannesburg ndipo akuti ndi Fender Precision ya 1978. Dzina lalembedwa kumutu kwake, nambala yake ikuyamba ndi S8. Mtengo ndi wokwera. Ndingadziwe bwanji kuti si yachinyengo? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, dzina la kumutu ndi kapepala chabe komata, ndipo aliyense akhoza kukamata. Umboni weniweni uli mkati, choncho pemphani wogulitsayo kuti mumasule masikuluwu a chivundikiro cha pulasitiki cha pa thupi la gitalayo pamaso pake. Akakana, musapereke ndalama.

Nambala yoyamba ndi S8 ikugwirizana ndi nthawi imene akunenayo. Fender idasamutsa nambala kuchoka pa kachitsulo ka kumbuyo n'kuiyika kumutu mu 1976, ndipo S8 imatanthauza 1978, ngakhale kuti timapepala ta S8 tinkamatidwabe pa magitala otuluka zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira. Mukatsegula, yang'anani kumbuyo kwa ma pot, tizitsulo tozungulira tomwe timakweza mawu. Pamakhala manambala 7. Atatu oyamba ndi a kampani yopanga: 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole. Awiri otsatira ndi chaka, awiri omaliza ndi sabata. Ndiye 1377824 ndi pot ya CTS yopangidwa sabata ya 24 m'chaka cha 1978. Mukapeza timapot tating'ono ngati ndalama yachitsulo topanda nambala yotere, pali ziwiri: wina adasintha, kapena gitalayo si ya ku America n'komwe. Onaninso mtovu wowotcherera mawaya. Wakale umakhala wotuwa ndi wofanana paliponse, pomwe watsopano umanyezimira ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala popsa.

Precision ya zaka zimenezo khosi lake limamangidwa ndi masikuluwu 4, lili ndi ma fret 20 (tizitsulo topingasa pa khosi pomwe nsambo imagunda mukaidina), ndipo pokhwimitsira chitsulo cha mkati mwa khosi pali kumunsi, kothera khosi, osati kumutu. Jazz Bass ya nthawi yomweyo ndiyo idali ndi masikuluwu 3 komanso pokhwimitsira pooneka ngati chipolopolo kumutu. Kuchokera pa nut (kachidutswa ka mipata komwe nsambo zimadutsapo kumutu) kufika pa fret ya 12 pakhale mamilimita 432, theka la mainchesi 34. Makiyi nawonso amaulula: zitsulo za ku America zimafuna Allen key ya mainchesi, ndiye ngati ya mamilimita 1.5 ikulowa bwinobwino m'timasikuluwu ta pa bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala), bridge imeneyo ndi ya ku Asia.

Akalola, chotsani khosi n'kuyang'ana m'dzenje momwe limakhala. Thupi la Fender ndi la mtengo wa alder kapena ash. Mukaona timizere tosanjikizana ngati ta pulayiwudi, nkhani yathera pomwepo. Pa zida za m'ma 1960 pamakhalanso chidindo kothera khosi, monga 5 MAR 66 C: 5 ndi Precision, 7 ikadakhala Jazz Bass, ndipo C ndi kufufuma kwa khosi pa nut, mainchesi 1.75. Za kumapeto kwa ma 1970 chidindo chake ndi manambala okhaokha, ndipo nthawi zina sichioneka n'komwe.

Mawu amodzi pa nkhani ya mtengo. Osonkhanitsa amalipira kwambiri za chaka cha 1965 chisanafike, pomwe Leo Fender anali asanagulitse kampani yake kwa kampani ya wailesi ndi kanema ya CBS. Za 1978 ndi zotsikirapo, zambiri ndi zolemera, zina zofika makilogalamu 5, ndipo kapangidwe kake kamasiyana iyi ndi iyo. Ngati mukufuna yoyimbira sabata ndi sabata, Squier (dzina la magitala otsika mtengo a Fender) ya ku Japan ya 1982 mpaka 1984 yokhala ndi nambala yoyamba ndi JV, kapena Fender ya ku Mexico ya nambala MN, MZ kapena MX, idzakutumikirani bwino pa ndalama zochepa.

FUNSO: Chiyambire mvula nsambo za besi yanga zatalikirana ndi khosi moti zala zikupweteka. Anzanga akuti ndigule khosi lina. Kodi palibenso njira? — Woyimba besi mu kwaya, Mulanje

YANKHO: Musagule kanthu musanayeze. Nsambo zinayi zimakoka khosi ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 80 usana ndi usiku, ndipo chomwe chimalimbana nazo ndi chitsulo cha mkati chotchedwa truss rod. Thabwa limamwa chinyezi m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, choncho khosi limasuntha kawiri pachaka, makamaka kumalo a mvula yambiri ngati kwanuko. Ndi khalidwe la mtengo, si matenda.

Pali ntchito zinayi, ndipo zimachitika motsatana. Mukasokoneza ndondomeko mudzabwereza zonse.

Yoyamba ndi kupindika kwa khosi. Tchunani besi bwinobwino. Dinani nsambo ya E pa fret yoyamba ndi capo (kachipangizo kopanira nsambo pa khosi), kapena mnzanu akudinireni, inu mudine pa fret yomaliza. Nsamboyo tsopano yasanduka lula wowongoka. Yang'anani mpata pakati pa nsambo ndi pamwamba pa fret ya 8. Ukhale mamilimita 0.30 mpaka 0.35. Feeler gauge ya amakaniko a galimoto ndiyo yabwino, koma mapepala atatu a fotokope osanjikiza amakwana pafupifupi 0.3. Ngati khadi la ATM, lomwe ndi lochindikala mamilimita 0.76, likulowa momasuka, khosi lapindika kwambiri. Masulani nsambo pang'ono, lowetsani kiyi yokwana ndendende, 3/16 ya inchi pa Fender zambiri za ku America ndi Mexico, mamilimita 4 kapena 5 pa zambiri za ku Asia, ndipo mupotokolere kumanja gawo limodzi mwa magawo anayi a mzunguliro. Tchunaninso, dikirani maola angapo, yezaninso. Kupotokolera kumanja kumawongola khosi, kumanzere kumalimasula.

Apa ndi pomwe magitala ambiri amafera. Kiyi yosakwana imadya mkati mwa nati ya truss rod mpaka kukhala yozungulira. Ndipo nati ikauma, osaikakamiza, chifukwa truss rod ikaduka pamafunika kumatula thabwa lonse la pamwamba pa khosi. Imasuleni yonse, dontheserani kadontho ka mafuta pa mazinga ake, ndipo ngati idafika pothera mazinga, ikani washala mmodzi kapena awiri pansi pake kuti ipeze pogwira.

Yachiwiri ndi kutalika kwa nsambo. Osadina paliponse, yezani pa fret ya 17: mamilimita 2.4 pansi pa E, 2.0 pansi pa G. Makadi atatu a ATM ndi pafupifupi 2.3. Tsitsani kapena kwezani ndi timasikuluwu tiwiri ta pa chishalo cha nsambo iliyonse pa bridge, tonse tiwiri mofanana kuti chishalocho chisapendeke. Zishalo zikafika pansi penipeni koma nsambo zikadali m'mwamba, chotsani khosi, ikani kachidutswa ka khadi kochindikala mamilimita 0.25 mpaka 0.5 m'dzenje la khosi, mbali yoyandikira pickup (maginito otola mawu a nsambo), n'kumanganso. Kanthu kochepa chonchi kamatsitsa nsambo kwambiri.

Yachitatu ndi kulondola kwa mawu. Imbani nsambo yosadina, kenako dinani pa fret ya 12, mukuyang'ana tuner. Mawu a pa 12 akakwera kupitirira, bwezani chishalo m'mbuyo kuti nsambo italike. Akatsika, chisunthireni kutsogolo. Yomaliza ndi pickup: mutadina fret yomaliza, pakhale mamilimita pafupifupi 2.8 pansi pa E ndi 2.0 pansi pa G. Ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, mawu n'kumagwedezeka ndi kuzima msanga.

Ngati mukatha zonsezi nsambo zikugunda ma fret, malo ake ndiwo akuuzeni chifukwa. Pa fret 1 mpaka 5, khosi lawongoka mopitirira. Kupitirira fret ya 12, zishalo zatsikitsa. Pa fret imodzi yokha, yotsatira yake yadzuka: ikani m'mbali mwa khadi pa ma fret atatu, likamagwedera ndiye kuti yapakatiyo ndi yaitali. Pa nsambo yosadina pokha, mpata wa pa nut wakumbika kwambiri. Khosi lofunikadi kusintha ndi lopotoka ngati chingwe, pomwe mbali ya E ndi ya G zikupindika mosiyana. Limenelo truss rod silingaliwongole.

FUNSO: Besi ya kutchalitchi kwathu imalira ngati njuchi tikangoilumikiza ku ampulifaya. Tasintha chingwe kawiri koma sizikutha. — Mtsogoleri wa bandi ya achinyamata, Mzuzu

YANKHO: Phokosolo ndi la magetsi a m'nyumba, omwe kwathu kuno ndi a 230 volts pa 50 Hz, ndipo pickup imawatola ngati mlongoti wa wailesi. Dzanja lanu ndilo chida choyamba choyezera.

Gwirani nsambo. Phokoso likachepa, ndiye kuti waya wa earth uli bwino, chikusowa ndi chotchinga. Matani tepi ya kopa m'maenje onse a mawaya ndi kunsi kwa chivundikiro, zidutswa zikhale zopitana mamilimita 5, ndipo muwotcherere kawaya kuchoka pa kopayo kupita kumbuyo kwa pot. Kopa wosalumikizidwa ku earth sathandiza chilichonse. Samalani kuti asakhudze miyendo ya pot kapena nsonga ya jack (polowetsa chingwe), apo ayi mawu onse azima.

Phokoso likapanda kusintha pogwira nsambo, koma n'kuchepa mukagwira chitsulo cha jack, waya wopita pansi pa bridge waduka kapena sakukhudza. Masulani bridge, pa Fender ndi masikuluwu 5, ndipo mudzapeza nsonga ya waya itamira m'utoto, yakuda kapena yobiriwira ndi dzimbiri. Sendani pena patsopano, yalani timawayato ngati tsache, palani kunsi kwa bridge ndi sandipepala, mangani. Multimeter iwerenge pafupi ndi 0 ohm pakati pa nsambo ndi nati ya jack. Phokoso likamakula mukagwira nsambo, wina adasinthanitsa mawaya awiri a pa jack.

Ngati yanuyo ndi ya mtundu wa Jazz Bass, dziwani kuti pickup iliyonse payokha imachita phokoso mwachibadwa. Mukakweza zonse ziwiri mofanana, phokosolo limaphana. Precision yoyambira 1957 ili ndi pickup yogawidwa pawiri pa chifukwa chomwechi.

Kukhekhereza potembenuza pot ndi fumbi: poperani contact cleaner pa kabowo ka pafupi ndi miyendo, tembenuzani ka 30. Mukafuna kusintha, besi yopanda batire imafuna ma pot a 250k ndi capacitor ya 0.047 microfarad, mtovu wa 60/40, ndi chowotcherera cha 40 watts, chifukwa chaching'ono chimachedwa kusungunula mtovu kumbuyo kwa pot mpaka mkati mwake mumapsa. Yokhala ndi batire la 9 volts, monga Music Man StingRay yomwe idatuluka mu 1976, imayamba kudya batire chingwe chikangolowa, choncho muzichizula mukatha kuyimba.

Chinthu chimodzi tikuchinena mwamphamvu. Woyimba akamva magetsi akumuluma pa nsambo, kapena pamlomo akakhudza maikolofoni, zimitsani nthawi yomweyo. Vuto lili pa earth ya ampulifaya, ya soketi kapena ya jenereta, ndipo limapha. Osachotsa mwendo wachitatu wa pulagi pofuna kuthetsa phokoso. Itanani wa magetsi.

FUNSO: Malemu bambo anga adasiya besi yakale yomwe yakhala m'chipinda zaka zoposa 15. Zitsulo zachita dzimbiri, utoto wang'ambikang'ambika. Ndikufuna kuipala ndi kuipaka utoto wina. — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Sandipepala muyambe mwamuika pambali mpaka mutadziwa kuti gitalayo ndi yanji. Kwa osonkhanitsa, chida chakale chopakidwanso utoto chimatsika mtengo kwambiri, ngakhale watsopanoyo atakongola bwanji, ndipo malo operepeseka pomwe mkono wa bambo unkagona sadzabwereranso mukapala.

Jambulani zithunzi za mbali zonse ndi za mawaya musanamasule kanthu, ndipo masikuluwu a malo alionse muwaike m'kajumbo kawokawo kolembedwa. Masikuluwu, masipiringi ndi zishalo zadzimbiri mviikeni mu viniga woyera maola 6 mpaka 12, kwechani ndi mswachi wakale, tsukani, umitsani padzuwa, pakani mafuta pang'ono a makina osokera. Zitsulo zonyezimira musaziviike nthawi yaitali chotero, zimasupuka. Pickup isalowe m'madzi alionse. Iyezeni polumikiza chingwe, kukweza pot mpaka kumapeto, n'kuika multimeter pa nsonga ndi pa thunthu la pulagi: ya Precision iwerenge pafupifupi 10k mpaka 11k, ya Jazz imodzi 7k mpaka 8k. Ikapanda kuwerenga, waya wa mkati, woonda kuposa tsitsi, waduka penapake. Musaitaye, imatheka kukulungidwanso.

Utoto pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono. Pofuna kudziwa mtundu wake, khudzitsani kadontho ka acetone pamalo obisika, pansi pa chivundikiro. Ukafewa ndi wa nitrocellulose, womwe Fender idagwiritsa ntchito mpaka cha mu 1968, ndipo umenewu umasungunuka ndi sipiriti komanso umadyeka ndi labala wa poimikira gitala. Ma fret kwechani ndi steel wool ya 0000, mutaphimba pickup ndi tepi, chifukwa maginito amakoka tizidutswa tachitsulo n'kutilowetsa mkati. Thabwa la pamwamba pa khosi likakhala lakuda lopanda vanishi, madontho 4 kapena 5 a mafuta a mineral oil akwana, mupukute otsala. Loyera la maple lili ndi vanishi, silifuna mafuta. Bowo la sikuluwu lomwe lakula, lowetsanimo timitengo ta machesi ndi guluu wa matabwa, dikirani usiku umodzi.

Chilichonse chomwe mwasintha, chakalecho sungani m'bokosi la gitalayo. Pomanga nsambo zatsopano, kwezani pang'onopang'ono kwa masiku awiri mukuyang'ana khosi.

FUNSO: Nsambo zikudula. Kodi n'zoona kuti kuziwiritsa kumazibwezera mawu? — Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: N'zoona, kwa kanthawi. Chimapha mawu ndi thukuta ndi litsiro lolowa m'mipata ya waya wokulungidwa. Wiritsani mphindi 10 mpaka 15, kenako umitsani kotheratu, chifukwa mtima wa nsambo ndi chitsulo ndipo umachita dzimbiri. Njira yabwinopo ndi kuziviika mu sipiriti tsiku lathunthu m'paipi ya PVC yotsekedwa mbali zonse. Kupitirira kawiri kapena katatu nsambo imaduka popindikira pake. Ngati mumakonda mawu akuya osathetheka, gulani za flatwound (nsambo zosalala) kamodzi, zimakhala zaka. James Jamerson wa ku Motown ankadziwika posasintha nsambo zotere pa Precision yake ya 1962.

FUNSO: Nyimbo za gospel zomwe timayimba zimafuna mawu otsika a B, koma besi yanga ndi ya nsambo 4. Ndiboole kuti ndiwonjezere yachisanu? — Woyimba wa ku Cape Town

YANKHO: Osaboola. Khosi la nsambo 4 ndi lopapatiza, mamilimita 38 pa nut ya Jazz Bass, ndipo pickup yake ili ndi maginito a nsambo zinayi basi. Gulani paketi ya nsambo 5, ikani zinayi zazikulu, mutchune B, E, A, D. Mukutaya G, mukupeza manoti 5 otsika.

Ntchito ili pa nut. Nsambo ya E ndi .105 ya inchi, mamilimita 2.7, pomwe ya B ndi .130, mamilimita 3.3. Mipata yonse inayi iyenera kukuzidwa m'mbali osaikumba pansi. Kulungani sandipepala wa 220 pa kachidutswa ka nsambo yakale, kwechani pang'ono, yesani. Mukakakamiza nsambo mumpata wopanikiza, nut imang'aluka pakona. Nzeru ndi kusunga nut yakale n'kusema ina, kuti mudzathe kubwerera. Bowo la pa bridge nalonso nthawi zina limakhala laling'ono kwa B. Mukatha yezaninso khosi, ndipo chishalo cha B chidzafuna kubwerera m'mbuyo ndithu. Kumbukiraninso sipika: E imagwedezeka ka 41 pa sekondi, B ka 31, ndipo kasipika ka mainchesi 8 sikangatulutse mawu amenewo, kangang'ambike mukakakamiza.

FUNSO: Ndimakonda kulira kwa besi yopanda ma fret ngati ya Bakithi Kumalo wa ku South Africa. Ndingazule ndekha ma fret? — Wophunzira nyimbo, Zomba

YANKHO: Mungathe, ndipo Jaco Pastorius ankayimba Jazz Bass ya 1962 yozulidwa ma fret, yokutidwa ndi epoxy ya maboti. Koma chitani izi pa besi yotsika mtengo, chifukwa kubwezeretsa ma fret ndi ntchito yodula. Sankhani ya thabwa lakuda pamwamba pa khosi. Ya maple imafuna kupakanso vanishi yonse.

Chotsani khosi ndi nut, masulani truss rod mpaka khosi liwongoke. Tenthetsani fret iliyonse ndi chowotcherera masekondi 10 mpaka 15 kuti guluu afewe, kenako lowetsani pulayala yodulira yomwe mlomo wake mwaunola kukhala wafulati, muyambire kumapeto n'kumasuntha pang'onopang'ono. Osakoka m'mwamba: kunsi kwa fret kuli timano tomwe timazula zibenthu za thabwa. Chibenthu chikadzuka, chimateni pomwepo ndi super glue. Pa Fender za 1982 isanafike ma fret ankalowetsedwa chammbali, ndiye amatulukanso chammbali.

Mipata yotsalayo ndi yotakata pafupifupi mamilimita 0.6, ndipo iyenera kudzazidwa ndi chinthu cholimba, monga timapepala ta thabwa loyera kapena pulasitiki wochindikala chimodzimodzi. Phala lotsekera mabowo ndi lofewa, ndipo mipata 20 yofewa imalola khosi kupindikira kutsogolo nsambo zikakoka. Guluu akauma, dulani zotsalira ndi mpeni wakuthwa, palani ndi thabwa lokumbidwa molingana ndi kukhota kwa khosi lanu, mainchesi 9.5 pa Fender ndi Squier zambiri zamakono, kuyambira sandipepala wa 180, kenako 320, kumalizira 600. Lembani mizere ya pensulo pathabwa lonse musanayambe: ikafufutika yonse pamodzi, pasalala.

Mipata ya pa nut itsitsidwe, chifukwa fret ya pafupifupi milimita imodzi yachoka. Nsambo idutse mamilimita 0.3 mpaka 0.5 pamwamba pa thabwa pafupi ndi nut. Nsambo za roundwound (zokhakhala) zimakumba thabwa losakutidwa, ndiye ikani flatwound, kapena kutani ndi epoxy yopyapyala katatu, mukupala pakati pa ulendo uliwonse. Poyimba, chala chigwere pamzere penipeni, osati kumbuyo kwake monga mudazolowera. Timadontho ta m'mbali mwa khosi tili pakati pa ma fret akale ndipo tidzakusokonezani, choncho tiphimbeni n'kuika tina molunjika pa mizere ya 3, 5, 7, 9 ndi 12.